Buleki ya njinga ikayamba kudontha mafuta

Njinga zambiri za m'misewu yathu, kuphatikizapo za akabaza, zili ndi buleki imene munthu amaiona yonse ndi maso. Mukafinya pa handulo, waya kapena titsulo tolumikizana timakoka mphira ziwiri, mphirazo n'kupana limu. Ikavuta simufunika kukaombeza: mwina waya wakhwefuka, mwina mphira zadyeka. Koma njinga zokwerera mapiri, zimene masiku ano zikupezeka ngakhale pakati pa katundu wa kaunjika, zambiri zimabwera ndi buleki ya mtundu wina. Waya mulibe. Muli kapaipi kodzaza mafuta, kochokera pa handulo kukafika pakati pa gudumu pamene pali disiki yachitsulo. Buleki imeneyi ikakhala bwino, chala chimodzi chimakwanira kugwira njinga pa mtsetse wa Golomoti kapena potsika phiri la Zomba. Ikabooka penapake imafooka pang'onopang'ono, ndipo pamene yabookapo pamabisala.

Wofuna kupeza pamene pakudontha ayenera kudziwa kaye njira imene mafutawo amayenda. Pa handulo, kuseri kwa chofinyira buleki, pali kasilinda kokhala ndi pisitoni yake yaing'ono. Pamwamba pa kasilindako pali kathanki kosungira mafuta, kotsekedwa ndi kamphira kofewa ndi kachivindikiro. Mukafinya, pisitoni imayamba yatseka kabowo kopita m'kathanki, kenaka n'kukankhira mafuta m'paipi. Kumapeto kwa paipi kuli chitsulo chokumbatira disiki, chimene amakaniko amachitcha caliper. M'kati mwake muli mapisitoni awiri, kapena anayi pa njinga zopangidwira mitsetse yoopsa, ndipo ndi amenewa amakankha mapadi kuti apane disiki.

Lamulo limene limayendetsa zonsezi analilongosola Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600. Madzi kapena mafuta otsekeredwa mukawapanikiza mbali imodzi, kupanikizako kumafika paliponse mofanana. Poti pisitoni ya pa handulo ndi yaing'ono pomwe za mu caliper ndi zazikulupo, mphamvu ya chala imafika pa disiki itachuluka. Izi zimatheka chifukwa mafuta safinyika. Mpweya umafinyika. Kathovu kamodzi ka mpweya kakalowa m'paipi, chala chimayamba chafinya kathovuko, mapadi n'kulandira zotsala. Ndipo pamene mafuta akutulukira m'pomwenso mpweya umalowera.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti mafuta a buleki satha ndi kugwira ntchito. Sapsa ngati petulo, sauma ngati a pa tcheni. Ali m'malo otsekeka, amapita n'kubwerera momwemo. Akachepa ndiye kuti apita kwinakwake, ndipo kungothiramo ena si kukonza. Pali chinthu chimodzi chokha chimene chimatsitsa mafuta m'kathanki popanda kubooka kulikonse, chomwe ndi kudyeka kwa mapadi. Mapadi akamapyapyala mapisitoni amasendera kunja kuwatsatira, ndipo mafuta a m'kathanki amatsikira kukadzaza malo amene atsala kumbuyo kwawo. N'chifukwa chake musanaganize za kudontha, suzumirani kaye mapadi. Shimano imati asinthidwe mnofu wake ukafika pa theka la milimita. Amene amathira mafuta owonjezera mapadi ali otha amadzazunzika tsiku loika atsopano, chifukwa mapisitoni amakana kubwerera ndipo disiki imasowa polowa.

Zimene chala chimamva

Njinga ili chiimire, finyani buleki ndipo mumvetsere. Ngati chofinyira chili wofuwofu, chikufika pafupi ndi handulo, koma mukachipopa kangapo chikulimbako, m'paipi muli mpweya. Mpweyawo ukhoza kukhala kuti unatsalira pamene wina ankathira mafuta, kapena unali m'kathanki n'kusamukira m'paipi njinga itagonekedwa chagada pomata chubu. Zimenezi pazokha sizitanthauza kuti pabooka.

Mayeso enieni ndi awa: finyani mwamphamvu n'kugwira chomwecho kwa mphindi imodzi osapumira. Buleki yabwino imaima pamodzimodzi. Yodontha imamira pang'onopang'ono m'chala mpaka chofinyira chikagunda handulo. Ikamira chotere koma kunja konse kuli gwa, osaoneka dontho, mafuta akuzembera m'kati momwemo: kamphira ka pisitoni ya pa handulo katha, ndipo m'malo mokankhira mafuta kumunsi kakuwalola kubwerera m'kathanki.

Pali chizindikiro china chimene chimasokoneza anthu. Chofinyira n'cholimba bwinobwino, koma njinga siikuima, ndipo buleki ikulira mpaka oyenda pansi kutembenuka. Apa mafuta afika pa mapadi. Kawirikawiri caliper imene ikuchucha pang'ono kwambiri imayamba kudziulula chonchi. Njinga yakhala masiku angapo osakwera, mwaitulutsa, ikulira. Mwatsika nayo kamtsetse, yatentha, yakhala chete. Yagonanso masiku ena, yayambiranso. Dontho limene silingaoneke pansi ndi lokwanira kuwononga mapadi.

Kusaka

Apa m'pamene pamafunika mtima wodekha, chifukwa buleki yakuda siuza munthu chilichonse. Fumbi losakanikirana ndi mafuta limamata paliponse, ndiye malo onse amaoneka ngati olakwa. Chotsani gudumu, chotsani mapadi muwaike patali pa pepala loyera, ndipo musawagwire kumaso kwake ndi zala zamafuta. Pakati pa mapisitoni lowetsani kachipika kapulasitiki kamene kamabwera ndi zida zotulutsira mpweya, kapena kathabwa kosema bwino kokwana pampatapo. Musafinye buleki pakati pa mapisitoni palibe kanthu. Amatuluka mopitirira, mwina imodzi n'kugwa, mafuta onse n'kukhuthuka, ndipo mwadzipangira vuto loposa limene munali nalo.

Tsukani chofinyira, paipi yonse ndi caliper ndi madzi a sopo, muumitse, kenaka mupukute ndi sipiliti ya isopropyl imene imapezeka m'masitolo a mankhwala. Palafini, petulo ndi dizilo zisayandikire. Zimasiya mafuta pa chitsulo ndipo zimatha kuwononga timphira. Sanitaiza wa m'manja nayenso sayenera, chifukwa wambiri amaikamo zofewetsa khungu zimene zimatsalira pa disiki.

Zonse zitauma, kulungani tishu kapena pepala lofewa pamalo aliwonse olumikizira, ndipo china muchilowetse mozungulira mapisitoni. Ena amawaza paudala wa ana, amene amada pamene pali chinyezi. Kenaka finyani buleki n'kumanga chofinyiracho ku handulo ndi kachidutswa ka chubu chakale, njingayo igone chomwecho usiku wonse. M'mawa pepala limakhala litanena.

Poliwerenga pepalalo kumbukirani za denga lodontha: pamene madzi akugwera m'nyumba si pamene lata labooka, amayamba ayenda ndi phaso. Mafuta otuluka pa handulo amatsetsereka ndi paipi n'kukadontha pa caliper, munthu n'kugula caliper yatsopano pomwe yakale inalibe mlandu. Choncho yambani kumwamba kutsika kumunsi, ndipo pamalo okwera kwambiri pamene papezeka chinyezi ndi pamene pali nkhani.

Nthawi zina mlandu si wa buleki n'komwe. Foloko ya mashoko ikatha timphira take, mafuta ake amatsika ndi mwendo wakumanzere, womwe ndi umene caliper ya kutsogolo imakhalapo. Mafuta opopera pa tcheni amauluka n'kukagwa pa disiki ya kumbuyo. Girizi wa mu habu naye amatha kutulukira pa disiki. Buleki ikagona usiku wonse yomangidwa, m'mawa n'kupezeka yolimba ndipo mapepala ali ouma, yang'anani kwa anansi akewa.

Malo amene amakonda kubooka

Oyamba kuwakayikira ndi pamene paipi imalowa m'chofinyira. Mukakankhira kumbuyo kachivindikiro kamphira mupeza nati, imene pa mabuleki ambiri imamasulidwa ndi sipanala ya 8. M'kati mwa natiyo muli tizitsulo tiwiri: kamsomali kobooka kamene kamakhomeredwa m'kamwa mwa paipi, ndi kamphete kamkuwa kamene amati olive. Mukamanga nati, kampheteko kamafinyika n'kuluma paipi, ndipo kuluma kumeneko ndiko kumatseka mafuta. Nati ikangokhwefuka, kuimanga pang'ono kumathetsa vuto. Koma ndikuti pang'ono, chifukwa mazinga ake ali mu aluminiyamu wofewa, ndipo mukawapukusa chofinyira chonse chatha ntchito. Kamphete kakafinyika kamodzi sikabwerera. Paipi ikazulidwa, kapena ikapindika pafupi ndi nati monga zimachitikira njinga ikagwa handulo n'kuzungulira, njira ndi kudula paipi pamwamba pa malo owonongekawo ndi mpeni wakuthwa, modula mowongoka osati mopendeketsa, n'kuika kamsomali ndi kamphete katsopano. Pogula samalani. Shimano yokha ili ndi mapaipi a mitundu iwiri yofala, BH59 ndi BH90, amene kunja amafanana koma bowo la m'kati n'losiyana, ndipo kamsomali ka wina sikakwana bwino mwa mnzake. Dzina la paipi limalembedwa pa paipi pomwepo.

Paipi yeniyeniyo yendani nayo ndi zala kuyambira kumwamba mpaka kumunsi. Imadyeka pamene ikukhuzana ndi felemu kapena tayala, ndipo pa njinga zathu zonyamula katundu imaphwanyidwanso ndi mphira zomangira thumba. Paipi yobooka pakati simatidwa ndi guluu kapena tepi. Mphamvu ya m'katimo imang'amba chilichonse chimene mungamatepo. Imasinthidwa yonse.

Kumunsi, mabuleki ena amalumikiza paipi ku caliper ndi bawuti yobooka yodutsa m'kamphete kachitsulo, yokhala ndi timphira tiwiri tozungulira, kamodzi mbali iliyonse. Timphirati tikatha kapena tikatsinidwa, timasinthidwa mosavuta. Chimodzimodzi kasikuluwu kotulutsira mpweya: nthawi zambiri kamangofuna kumangidwa, kapena kamphira kake kanagwa tsiku limene wina anakamasula.

Nkhani yovuta ili pa mapisitoni a mu caliper. Pisitoni iliyonse yazunguliridwa ndi kamphira kamodzi kokha, kamene mutakadula mungaone kuti ndi ka ngodya zinayi osati kobulungira. Kamphiraka kamagwira ntchito ziwiri. Kamatseka mafuta, komanso ndi kamene kamabweza pisitoni: ikamatuluka kamapindika nayo pang'ono, mukasiya kufinya kamawongoka n'kuikoka. Buleki ya galimoto ili ndi mphira ina yotchinga fumbi kunja kwa pisitoni, koma ya njinga nthawi zambiri ilibe. Ndiye taganizirani fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, kenaka matope a dzinja, zonse zikumata pa mbali ya pisitoni imene yatulukira kunja pamene mapadi akudyeka. Tsiku loika mapadi atsopano munthu amangokankha mapisitoni kubwerera m'kati osawapukuta, mchenga wonse n'kudutsa pa kamphira kaja. Ma caliper ena odontha anayambira pamenepa. Pukutani m'mbali mwa pisitoni ndi kansalu ka sipiliti musanaibweze, ndipo muikankhe pakatikati, mowongoka, ndi chinthu chapulasitiki monga chochotsera tayala. Mabuleki ambiri a Shimano ali ndi mapisitoni a ceramic, oyera, amene satenga kutentha msanga koma amasweka mukawapana ndi sikuludiraiva kumbali imodzi. Mng'alu wake umatha kukhala wochepa moti maso sauona, koma mafuta amaupeza.

Pisitoni kapena kamphira kake kakawonongeka, zochita zimadalira amene anapanga bulekiyo. SRAM ndi Hope amagulitsa timphira ndi mapisitoni paokha, moti makaniko waluso akhoza kumasula caliper n'kuimanganso. Shimano kawirikawiri sigulitsa tizidutswa timeneti. Njira yake ndi kusintha caliper yonse. Pa chofinyira napo ndi chimodzimodzi. Chinyezi chikaoneka kuseri kwa chofinyira, pamene kamtengo kachitsulo kamakankha pisitoni, timphira ta m'kasilinda tatha. Chikaoneka m'mphepete mwa kachivindikiro ka thanki, mwina kamphira kofewa kaja kang'ambika kapena kanakhala mopotoka, mwinanso mafuta anangodzazidwa mopitirira ndipo akufuna potulukira dzuwa likatentha.

Mafuta ake ndi ati

Mabuleki ena amene amafa msanga saphedwa ndi mwala kapena ngozi. Amaphedwa ndi botolo lolakwika. Pali mitundu iwiri ya mafuta a buleki za njinga, ndipo siigwirizana ngakhale pang'ono. Shimano, Magura ndi Tektro amagwiritsa ntchito mineral oil. A Shimano amakhala ofiirira, a Magura amene amawatcha Royal Blood ndi abuluu. Hope, Hayes ndi mabuleki ambiri a Avid ndi SRAM amagwiritsa ntchito DOT, omwe ndi mafuta a buleki za galimoto, ngakhale SRAM yatulutsanso mitundu ina yatsopano, monga DB8 ndi Maven, yoyendera mineral oil. Choncho dzina la kampani lokha silikwanira. Werengani pa kachivindikiro ka thanki kapena pa chofinyira, pamakhala patalembedwa.

Kusiyanaku kuli m'timphira. Mphira yopangidwira DOT imatupa ikakumana ndi mineral oil, ndipo yopangidwira mineral oil imawonongeka ikakumana ndi DOT. Kuno kwathu yesero lake ndi lalikulu, chifukwa DOT 3 ndi DOT 4 amapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto pamene mineral oil wa njinga ngosowa. Makaniko wa zolinga zabwino amathira DOT mu Shimano, buleki n'kugwira bwino tsiku limenelo, mwini njinga n'kulipira akuthokoza. Pakapita nthawi timphira tonse, kuyambira pa handulo mpaka pa caliper, timakhala titawonongeka, ndipo palibe kutsuka kumene kungatibwezeretse. Mafuta ophikira, a injini ndi a makina osokera nawonso asalowemo. Sanapangidwire kutentha kwa buleki, ndipo ophikira amasanduka phula akakhalitsa.

Amene buleki yake ndi ya DOT asamalenso ndi manambala. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi, amasiyana pa kupirira kutentha: akakhala atsopano, DOT 4 sayenera kuwira asanafike madigiri 230, DOT 5.1 asanafike 260. Koma DOT 5, wopanda kadontho ndi 1, ndi wa silicone, mtundu wina kotheratu, ndipo saloledwa m'mabuleki amenewa. DOT amayamwa chinyezi cha mumpweya, choncho botolo limene linatsegulidwa chaka chatha n'kusiyidwa pa shelefu lisagwiritsidwe ntchito, ndipo a m'buleki momwemo amafunika kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse. Amadyanso penti ya njinga ndi kuyabwa pakhungu. Akatayikira tsukani msanga ndi madzi ambiri. Mineral oil sayamwa madzi, zimene zili ndi kuipa kwakenso. Madzi akalowa amatsikira pansi, mu caliper, pamalo otentha kwambiri, ndipo amawira pa madigiri 100 okha. Pa mtsetse wautali madziwo amasanduka nthunzi, chofinyira n'kugwera ku handulo mwadzidzidzi ngakhale buleki sinadonthe.

Pobooka patatsekedwa

Mukatseka pobooka ntchito siinathe, chifukwa mpweya unalowa kale. Umatulutsidwa ndi sirinji yokankhira mafuta atsopano kuchokera ku caliper kukwera kumwamba, mpaka pa handulo patasiya kutuluka thovu. Pa Shimano pamwambapo pamamangidwa kafanulo kolandirira mafuta, pa SRAM pamakhala sirinji yachiwiri. Mpweya umakonda kukwera, ndiye njinga iimikidwe mwakuti paipi yonse ikhale yokwera kulowera ku handulo, ndipo kugogoda paipi ndi caliper pang'onopang'ono kumathandiza thovu lomata kuti linyamuke. Zonsezi zichitike mapadi ali kunja, kachipika kali pakati pa mapisitoni. Sirinji imene yakhudza DOT isagwirenso mineral oil.

Disiki imatsukika ndi sipiliti ndi nsalu yoyera, ndipo mukadali pomwepo onani ngati sinapyapyale kupitirira muyeso wolembedwa pa iyo, womwe pa za Shimano ndi mamilimita 1.5. Mapadi ndiye ayi. Ali ndi timabowo tosaoneka timene timamwa mafuta mpaka m'kati. Anthu amawapala ndi sandipepa, ena amawaotcha pa mbaula mpaka utsi utaleka. Nthawi zina amagwirako masiku angapo, makamaka achitsulo, koma mafuta otsala m'kati amakweranso akatentha, ndipo moto umatha kufooketsa pamene mnofu wa padi unamatidwa ku chitsulo chake. Padi yosomphoka pa mtsetse si chinthu choyesera. Ine ndimati mapadi akamwa mafuta atayidwe. Atsopanowo amafuna kuzolowerana ndi disiki: pamalo athyathyathya palasani mothamangako, finyani mwamphamvu mpaka liwiro litsike ngati la woyenda pansi koma osaima, ndipo mubwereze maulendo pafupifupi 20.

Buleki ikakuthawani muli pa ulendo, dziwani kaye kuti yatsala ndi iti. Njinga zochokera ku Britain zimakhala ndi buleki ya kutsogolo kudzanja lamanja, za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya kumanzere, ndipo za kaunjika zimachokera konseko. Ya kutsogolo ndi imene imagwira ntchito yaikulu yoimitsa njinga. Ikafa imeneyo, ya kumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala pa mtsetse, ndipo nzeru ndi kutsika n'kuikankha njingayo.

Kwa amene amakhala kutali ndi kumene kumapezeka timphete, mapaipi ndi mineral oil, pali njira ina imene okonda njinga zapamwamba amainyoza koma ndi yanzeru. Caliper yoyendera waya, monga Avid BB7 kapena zina zotsika mtengo za Shimano ndi Tektro, imamangidwa pa mabowo omwewo a felemu ndi foloko, ndipo imagwira disiki yomweyo. Imafuna mphamvu yambiri ya dzanja, ndipo mapadi akamadyeka mumayenera kuwasendeza nokha ndi kasikuluwu, chifukwa siidzisintha yokha ngati ya mafuta. Chofinyira chake chiyenera kukhala cha mtundu wokoka waya wautali, chomwe chimagwiranso ntchito pa V-brake. Waya wake ndi wa buleki wamba wa njinga zokwerera mapiri, umene makaniko wa pamsika amatha kuusintha ndi pulayala ndi sipanala imodzi.